Tanthauzo la mawu: Nova Constellatio

Mawu a Chilatini awa amatanthauza "gulu latsopano la nyenyezi". Anadindidwa pa makobiri oyesera amene anasulidwa ku Philadelphia mu 1783, dziko la United States lili lakhanda. Nyenyezi 13 zozungulira diso pa makobiriwo zinkaimira zigawo 13 zimene zinapanga dzikolo.

Robert Morris, mkulu woyang'anira chuma, ankafuna ndalama zowerengedwa m'makumi, ndipo makobiriwa anali oyesera dongosolo lakelo. Kobiri lalikulu lasiliva, lotchedwa mark, linali la mayunitsi 1,000, lotchedwa quint linali la 500, ndipo lotchedwa bit linali la 100. Yunitsi imodzi inali gawo limodzi mwa magawo 1,440 a dola ya ku Spain.

Nyumba ya malamulo sinavomereze dongosolo la Morris. Mu 1785 inasankha dola, potsatira maganizo a Thomas Jefferson. Makobiri ochepa amene anatsala ndi amtengo wapatali lero.