Cluedo inachokera kuti, ndipo ndipatse ndani?

FUNSO: Akulu, mchimwene wanga amene amagwira ntchito ku Leeds wandibweretsera bokosi la masewera otchedwa Cluedo, akuti ndi ofufuza yemwe wapha munthu. Ine nthawi yake ndilibe, ndiye ndikufuna ndipatse wina. Pali mwana wa mng'ono wanga wa zaka 6, pali apongozi anga aamuna amene ndi akatswiri a bawo, ndiye pali mwana wanga wamkazi wa Folomu 3 amene sachoka pa mafilimu a apolisi. Angakondwere nawo kwambiri ndani? Nanga anayambitsa masewera a imfa otere ndi ndani? Ndine mayi wa ku Lilongwe.

YANKHO: Mayi, tiyambe ndi funso lachiwirilo, chifukwa kumene masewerawa anabadwira kukuthandizani posankha.

Anawapanga ndi Anthony Pratt wa ku Birmingham, ku England, amene anabadwa mu 1903. Anali woimba piyano. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse isanayambe, ankaimba m'mahotela akumidzi kumene anthu opeza bwino ankakapumula, ndipo madzulo alendowo anali ndi sewero lawo: wina adzigwetse pansi ngati waphedwa, otsalawo azifunsana mpaka atulukire wakupha. Inali nthawi imene Angelezi anali atamwerekera ndi mabuku a Agatha Christie ndi anzake, a mtembo wopezeka m'chinyumba cha bwana, mlendo aliyense ali wokayikitsa.

Nkhondo itabuka, Pratt anakalowa ntchito m'fakitale yopanga zipangizo za akasinja. Usiku kunalibe kopita, poti boma linalamula kuti kuwala kusamaoneke panja kuopa ndege za Germany. M'masiku amdima amenewo, cha mu 1943, iye ndi mkazi wake Elva anatenga sewero la m'mahotela lija n'kuliika patebulo. Amene anajambula mapu a nyumbayo ndi Elva, ngakhale dzina lake silitchulidwatchulidwa. Mu 1944 Pratt anakalembetsa umwini wa masewerawa, kenako anapita nawo ku kampani ya Waddingtons, ku Leeds komweko kumene mchimwene wanu akukhala. Kampaniyo inawagula, koma nkhondo itangotha zipangizo zinali zosowa, moti anafika m'masitolo mu 1949. Dzina la Cluedo anapereka ndi a Waddingtons, potengera Ludo amene ambirife timamudziwa. Ku America, kumene kampani ya Parker Brothers inawatulutsa chaka chomwecho, amangoti Clue. Lero mwini wake ndi Hasbro.

Pratt anali wowolowa manja pa zoopsa: anaikamo anthu 10, zipinda 11 ndi zida 9, mpaka bomba, nkhwangwa, jakisoni ndi poizoni. A Waddingtons anadulira, n'kutsala anthu 6, zida 6 ndi zipinda 9. Pa malonda sanali wochenjera chotero. Mu 1953 anagulitsa gawo lake la malonda akunja kwa Britain pa mapaundi 5,000 okha, masewera amene pambuyo pake anagulidwa m'mamiliyoni ambirimbiri. Anamwalira mu 1994 dziko lisakumudziwa.

Tsopano tsegulani bokosilo. Wophedwa ndi mwininyumba, Dr Black. Oganiziridwa ndi Miss Scarlett, Colonel Mustard, Reverend Green, Mrs Peacock, Professor Plum ndi Mrs White. Mukapeza mayina ena musadabwe, monga Dr Orchid amene analowa m'malo mwa Mrs White mu 2016. Zida ndi mpeni, mfuti, chingwe, sipanala, paipi ya mtovu ndi choikapo kandulo. Makhadi a anthu, zida ndi zipinda onse pamodzi alipo 21. Poyamba mumatenga khadi limodzi la munthu, limodzi la chida, limodzi la chipinda, n'kuwatsekera mu envulopu popanda wowaona. Otsala 18 amagawidwa kwa osewera. Aliyense amaponya dayisi, n'kuyenda mpaka alowe m'chipinda, kenako n'kunena zomwe akuganiza, monga kuti ndi Mrs Peacock, ndi chingwe, m'khitchini. Wa kumanzere kwake akakhala ndi limodzi la makhadi atatuwo amamuonetsa mobisa. Akakhala alibe, funso limapita kwa wotsatira. Njira zimene mlanduwo ungathere zilipo 324, ndipo ntchito yonse ndi kuchotsa zosatheka mpaka patsale imodzi. Amene wathamangira kutsegula envulopu n'kupeza kuti walakwitsa, basi watuluka, amangotsala woonetsa makhadi kwa anzake.

Mwaona kuti mulibe magazi, mulibe kulira maliro, mulibenso nkhani. Palibe amene amafunsa chifukwa chimene Dr Black anaphedwera. Chodabwitsa n'chakuti mutha kusewera ngati Professor Plum, wakupha n'kukhala Plum yemweyo, inu osadziwa, mpaka mudzigwire nokha n'kupambana. Ndi masewera a pensulo ndi makutu.

Mwana wa zaka 6 mumuchotse kaye. Pabokosi amalemba zaka 8 kupita m'tsogolo, ndipo sikuti n'chifukwa cha imfayo ayi. Pamafunika kuwerenga, kulemba, ndi kusunga chinsinsi kwa nthawi yaitali. Mwana wamsinkhu umenewo amagwira makhadi moonetsa aliyense, kapena amaiwala kuti ali ndi khadi lomwe lafunsidwa, ndipo khadi limodzi likabisidwa molakwika onse asochera.

Apongozi anu ali ndi mutu wake. Wa bawo amawerengera patsogolo ndipo sapupuluma. Koma pa bawo zonse zili poyera, nkhomo iliyonse mukuiona, mdani ndi mmodzi, ndipo palibe dayisi. Mu Cluedo mutha kudziwa chipinda chomwe mukufuna, dayisi n'kukukanizani kufikako katatu konse. Mwatsala pang'ono kulowa pakhomo, wina watchula dzina la munthu wanu, ndiye lamulo likuti akukokereni kuchipinda kumene iye ali, tsidya lina la nyumba. Akuluakulu ena zoterezi amaziseka, ena amazitenga ngati chipongwe. Apongozi anuwo mukuwadziwa ndinu. Onjezaninso kuti makhadi ndi malamulo zili m'Chingelezi.

Ine ndikanapatsa wa Folomu 3, koma osati chifukwa cha mafilimuwo. Amene amakonda apolisi othamangitsana ndi mbava pagalimoto akhoza kuyasamula pasanathe mphindi 15. Mufunseni ngati ali m'gulu la aja amene filimu ili pakati amayamba kunena kuti wakupha ndi uyu, n'kupereka zifukwa. Ngati ali wotero, ndi wake. Adzazindikira msanga kuti wosewera wamba amangolemba makhadi omwe waonetsedwa iye, pamene katswiri amalembanso za anzake: ndani walephera kuyankha funso liti, ndani amabwerezabwereza chida chimodzi. Adzaphunziranso kutchula dala khadi lomwe ali nalo m'manja, kuti asocheretse anzake komanso kuti yankho libwere pa zomwe iye akufuna kudziwa. Pamenepo ndi pamene masewerawa amakoma.

Chenjezo ndi lakuti munthu sasewera yekha, ndipo awiri sizikoma, chifukwa khadi lomwe mulibe inu lili kwa mnzanuyo kapena mu envulopu, basi. Mabokosi atsopano ali ndi malamulo a anthu awiri, koma Pratt anapangira gulu la alendo madzulo. Atatu ndiye poyambira, anayi kapena asanu ndiye bwino. Choncho bokosilo lisachoke panyumba panu, ndipo apongozi akabwera kudzacheza muwapatse Colonel Mustard ayese.

Musanapereke, werengani makhadi a anthu, zida ndi zipinda ngati alipodi 21. Timapepala tolembapo ta m'bokosimo timatha msanga, ndiye sungani kamodzi koyera kochitira fotokope, apo ayi mwanayo ajambule mizere yake m'kope.