Boma ndi Anthu Olumala m'Malawi

Kale munthu wolumala ankasungidwa ndi abale ace: akulu ankamlimira munda, ana namtolera nkhuni. Koma ndalama zitalowa m'midzi, ndipo anyamata atayamba kupita kutali kukafuna nchito, thandizo lotere linacepa.

M'caka ca 1971 Boma linaika lamulo lokhazikitsa bungwe la MACOHA, kuti olumala aphunzire nchito za manja, monga kuomba nsaru ku Bangwe. M'caka ca 2006 linayamba njira yina ku Mchinji, yopatsa ndalama mabanja osaukitsitsa opanda wowagwirira nchito. Dzina lace Mtukula Pakhomo.

Tsono ndalama iri ndi bvuto lace. Mu Novembala 2023 Kwacha inagwa ndi magawo 44 pa 100, ndipo mitengo ya mafuta, makala ndi ufa inakwera. Wamiyendo angathe kukatola nkhuni kuthengo. Wopuwala ayenera kugula makala, ndi kulipiranso womsenzera. Cotero kukwera kwa mitengo kumpweteka kawiri.

Inu amene mudzakhala aphunzitsi, kumbukirani kuti luso siligwa monga igwera ndalama. Mwana wosaona kapena wosamva akadza pa sukulu yanu, musambweze. Mpatseni malo kutsogolo.