Chitoliro cha Nsungwi Pakati pa Mavayolini

Tsiku loyamba kumvera nyimbo yotchedwa November Steps ndidaganiza kuti chimbale changa n'chowonongeka. Mavayolini adayamba bwinobwino, kenaka n'kungoti zii. M'malo mwake mudamveka chitoliro cholira ngati munthu wopuma movutika, ndiponso nsambo zokhwatchidwa mwaukali, zosiya kaphokoso konjenjemera. Ndidadikira kuti mbali ziwirizi zigwirizane n'kutulutsa nyimbo imodzi yokoma, koma mphindi pafupifupi 20 zidatha zisanatero. Padatenga nthawi kuti ndizindikire kuti kusagwirizanako kudali kwadala, ndipo gwero lake lili m'mbiri ya dziko la Japan.

Ulamuliro wa Mfumu Meiji utayamba m'chaka cha 1868, boma la Japan lidatsimikiza mtima kutengera nzeru za Azungu pa zankhondo, zamaphunziro ngakhalenso zoimbaimba. M'chaka cha 1879 lidakhazikitsa komiti yoona za nyimbo, ndipo mu 1880 mphunzitsi wa ku America, Luther Whiting Mason, adafika kudzathandiza kukonza nyimbo za m'sukulu. Ana adayamba kukula ndi limba ndi piyano. Zoimbira za makolo zidatsalira m'mbuyo. Mu 1871 boma lidathetsa gulu la ansembe a Fuke omwe ankayendayenda atavindikira mitu ndi madengu, akuimba shakuhachi, chitoliro cha nsungwi cha mabowo asanu, monga njira yawo yopempherera. Nayo biwa, choimbira cha nsambo chomwe akhungu oyendayenda ankasimbira nacho nkhani za nkhondo zakale, idayamba kuoneka ngati chinthu cha dzana.

Toru Takemitsu, yemwe adapeka November Steps, adabadwa mu 1930 ku Tokyo. Mu 1944, ali ndi zaka 14, adatengedwa kukagwira ntchito kumalo a asilikali. Kumeneko msilikali wina adaliza pagalamafoni, mobisa, nyimbo ya Chifalansa, ndipo mnyamatayo adatengeka nayo mtima. Nkhondo itatha adadwala kwa nthawi yaitali, ndipo ali chigonere ankamvera nyimbo za Azungu pawailesi ya asilikali a America. Kwambiri luso lopeka nyimbo adadziphunzitsa yekha. Koma nyimbo za kwawo adazifulatira, pakuti kwa iye zinkamukumbutsa nkhondo ndi ulamuliro wankhanza wa asilikali. Apa ndi pomwe nkhani yake imandikhudza: munthu kunyansidwa ndi mawu a kwawo chifukwa cha zomwe olamula adachita m'dzina la mtundu.

Kutchuka kwake kudadza kudzera m'nyimbo ya Chizungu. Igor Stravinsky atacheza ku Japan mu 1959 adamva Requiem for Strings, yomwe Takemitsu adapeka mu 1957, ndipo adaiyamikira poyera. Komatu akulu adati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. John Cage, wopeka nyimbo wa ku America yemwe ankakonda chiphunzitso cha Zen, ndiye adathandiza kumutsegula maso. Takemitsu mwini adavomera kuti kudzera mwa Cage ndi m'mene adaonera phindu la chikhalidwe chake. Mu 1962 adaika biwa m'nyimbo za filimu ya Harakiri, ndipo mu 1966 adapeka Eclipse, ya biwa ndi shakuhachi zokha.

Chaka chotsatira, gulu lalikulu la oimba la New York Philharmonic, pokondwerera kuti lakwanitsa zaka 125, lidamupempha nyimbo. Poyamba adafuna kusakaniza zoimbira za mbali ziwirizi, koma m'kati mwa ntchitoyo adaona kuti n'zosiyana kwambiri, mwakuti kuzikakamiza kukadangopha china mwa izo. Choncho adasankha kuziimika moyang'anizana. Nyimboyo idaimbidwa koyamba pa 9 Novembala 1967, Seiji Ozawa akutsogolera, mayi Kinshi Tsuruta ali pa biwa ndipo Katsuya Yokoyama ali pa shakuhachi.

Nditadziwa mbiriyi ndidabwereranso ku nyimboyo, pokumbukira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Zinthu ziwiri zomwe poyamba ndidaziyesa zolakwika ndizo zidakhala mtima wake. Choyamba ndi kaphokoso konjenjemera kaja ka biwa, komwe eni ake amakatcha sawari. Amisiri amasema choimbiracho mwadala kuti nsambo izikhudza mtengo n'kumalira motero. Khutu lophunzitsidwa vayolini limafuna liwu losalala, koma ife amene tidamvapo kalimba womangiriridwa zitsekerero za mabotolo sitiyenera kudabwa. Nafenso timadziwa kuti liwu lopanda konjenjemera limamveka lozizira. Ndidachita manyazi pozindikira kuti ndidaweruza biwa ndi khutu lobwereka. Chachiwiri ndi bata la pakati pa liwu ndi liwu, lomwe Ajapani amalitcha ma. Woimba shakuhachi akaleka kuuzira, nyimbo siinaime ayi. Womvera amakhala akudikira, ndipo kudikirako ndi gawo la nyimboyo.

Chakumapeto, gulu lonse la oimba limakhala chete kwa nthawi yaitali, kusiyira bwalo anthu awiri okha. Ndimayesa kulingalira m'mene zidaliri mu holo ija ku New York, patangopita zaka 22 nkhondo ya mayiko awiriwa itatha: akatswiri ambirimbiri atatsitsa zoimbira zawo, akumvetsera nsungwi ndi nsambo za biwa. Mavayolini akamabwerera, amalowa mwaulemu ngati munthu wogogoda pakhomo la eni.

Takemitsu adapitiriza kupeka nyimbo za m'maholo ndi za mafilimu, kuphatikizapo Ran ya Akira Kurosawa mu 1985, kufikira imfa yake mu 1996. M'zaka zake zomaliza adalemba kwambiri za zoimbira za Chizungu, koma bata lija ndi chidwi pa liwu limodzi lokha sizidamuchoke. Masiku ano ambiri akamva za nyimbo zosakaniza zikhalidwe amaganiza zongoika chitoliro chachilendo pamwamba pa nyimbo yodziwika kale, monga mchere m'ndiwo. November Steps idandiphunzitsa kufunsa funso lina ndikamva nyimbo zotere: kodi mlendoyu wapatsidwa mpata wolankhula chinenero chake, kapena waitanidwa kudzangokongoletsa mwambo?