Kodi m'kamwa ndi mwa dokotala uti? Mbiri ya mano ndi matenda a mgonagona

Munthu amene ali ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi komanso vuto la mtima amaonana ndi madokotala angapo pachaka. Amamuyeza magazi, amamuyang'ana mapazi ndi maso, koma kawirikawiri palibe amene amamuuza kuti ayasamule. Mano ali ndi khomo lawolawo kuchipatala, ndipo ambiri amalowako pokhapokha dzino likawagoneka m'maso. Kulekana kumeneku kuli ndi mbiri yake, ndipo amene akuvutika nako kwambiri ndi odwala matenda angapo nthawi imodzi.

M'chaka cha 1840, Horace Hayden ndi Chapin Harris anatsegula Baltimore College of Dental Surgery ku America, sukulu yoyamba padziko lonse yophunzitsa za mano zokhazokha. Ntchito ya mano inapeza ulemu, koma inakula payokha, ndi masukulu ake, ziphaso zake ndi mabuku ake a odwala.

Patapita zaka pafupifupi 60, zinthu zinatembenuka. Dokotala wa ku London, William Hunter, analemba mu 1900 kuti mafinya a m'kamwa amadwalitsa thupi lonse. Mu 1910, polankhula pa yunivesite ya McGill ku Montreal, anadzudzula madokotala a mano amene ankaphimba mano owola ndi golide. Frank Billings wa ku Chicago anawanditsa ganizo lakuti tizilombo tobisala pamalo amodzi, monga m'dzino, ndi timene timayambitsa nyamakazi, matenda a impso ndi a mtima. Mankhwala opha tizilomboti kunalibe, choncho njira inali imodzi: kuzula. Anthu ochuluka odwala matenda a mgonagona anazulidwa mano, ngakhale abwinobwino, polonjezedwa kuti achira.

Amene anafika nazo patali ndi Henry Cotton, mkulu wa chipatala cha odwala matenda a maganizo ku Trenton, m'chigawo cha New Jersey, kuyambira 1907 mpaka 1930. Iye ankakhulupirira kuti misala imachokera ku tizilombo, motero ankazula mano a odwala ake, ndipo akapanda kuchira ankawadula matumbo. Ankati odwala 85 mwa 100 alionse ankachira. Phyllis Greenacre atatumidwa kukafufuza mu 1924, anapeza kuti ziwerengerozo zinali zosadalirika ndiponso kuti ochitidwa opaleshoni ambiri anamwalira. Lipoti lake linakwiriridwa. Mu 1938, Russell Cecil ndi Murray Angevine anaunika odwala nyamakazi 200 ndipo sanapeze umboni woti kuzula mano kumachiza. Pofika m'ma 1950, ganizoli linali litatayidwa.

Vuto ndi lakuti polithawa ganizo lolakwikali, azaumoyo anatayira limodzi ndi choonadi chimene chinali mkati mwake. M'kamwa munabwerera kukhala dera la dokotala wa mano yekha. Komabe thupi silinasiye kupereka umboni. Mu 1939 zinali zitadziwika kale kuti phenytoin, mankhwala a khunyu, amatupitsa nkhama. Mu 1955, bungwe la American Heart Association linayamba kulangiza kuti ena odwala mtima azilandira penisilini pochitidwa ntchito ya mano, poopa kuti tizilombo ta m'kamwa tingalowe m'magazi n'kukakhala mumtima. M'ma 1980, Edzi itayamba, zizindikiro zoyambirira mwa odwala ambiri zinkaoneka m'kamwa, monga zoyerayera za palilime.

Umboni wamphamvu unachokera ku matenda a shuga. Kafukufuku wa zaka zambiri pakati pa anthu a mtundu wa Pima ku Arizona, kumene matendawa ndi ofala kwambiri, anaonetsa kuti odwala shuga amagwidwa ndi chiseyeye mochuluka kuposa anzawo. Mu 1993, Harald Löe anaika matenda a nkhama pamndandanda wa mavuto obwera ndi shuga, pambali pa a maso, impso, mitsempha ndi ena. Pambuyo pake zinaoneka kuti nkhama zotupa nazonso zimachititsa kuti shuga avute kutsika. Mu 2022, bungwe la Cochrane litasonkhanitsa kafukufuku wambiri linapeza kuti kuchiza nkhama kumatsitsako shuga m'magazi kwa miyezi ingapo. Za mtima n'zosiyana: chiseyeye ndi matenda a mtima zimapezeka limodzi kawirikawiri, koma umboni woti kuchiza nkhama kumateteza mtima ndi wochepa. Apa phunziro la Cotton likadali lofunika.

Tsono taganizani za wodwala amene amamwa mapilisi asanu kapena asanu ndi limodzi patsiku. Mankhwala ambiri a kuthamanga kwa magazi ndi a matenda a maganizo amaumitsa malovu, ndipo malovu akachepa mano amaola msanga. Nifedipine ndi amlodipine amatha kutupitsa nkhama. Wakumwa warfarin akazulidwa dzino magazi amachedwa kuleka, koma akasiya mankhwalawo mwa iye yekha akhoza kuchita sitiroko. Mu 2003, Robert Marx anafotokoza za odwala amene fupa la nsagwada linawola atalandira mankhwala ena olimbitsa mafupa. Komanso wopanda mano otafunira amathawira ku phala ndi tiyi wa shuga, zimene dokotala wake wamuletsa. Zonsezi sizingaoneke kwa munthu amene akuyang'ana dzino lokha kapena shuga yekha.

Ku Malawi mbiriyi ikutikhudza chifukwa ntchito ya mano ikumangidwa panopa. Maphunziro oyamba a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, imene lero ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. Ndondomeko yoyamba ya dziko lino ya umoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022, patatha chaka World Health Organization itagwirizana kuti matenda a m'kamwa azisamalidwa pamodzi ndi matenda ena osapatsirana. Ife tilibe makoma a zaka 180 oti tigumule. Tikhoza kungopewa kuwamanga.

Zoyambira zake n'zotsika mtengo. Kukiliniki ya shuga kapena ya ma ARV, wodwala aziyang'anidwa m'kamwa monga amayang'aniridwa mapazi. Wa mano aziwerenga buku la kuchipatala la wodwala asanagwire chozulira. Ndipo inu amene mumaperekeza agogo kapena makolo anu kukazulitsa dzino, nyamulani mankhwala awo onse m'kajumbo, mukawaonetse. Madokotala awiriwo mwina sadzakumana, koma kajumbo kameneko kadzafika kwa onse.