Mmene chimanga chimadzitetezera dzuwa likamaswa mtengo

Mapiri a Dowa ndi Ntchisi amadziwika ndi nyengo yozizirirapo, koma ng'amba ikagwa pakati pa dzinja, monga zinachitikira m'madera ambiri a dziko lino mu 2024, chimanga chimapsa ndi dzuwa, makamaka m'zigwa zotsetserekera ku Salima ndi Nkhotakota.

Akatswiri a sayansi apeza kuti mbewu ili ndi njira yodzitetezera mkati mwa maselo ake. Malangizo onse a moyo wa mbewu amasungidwa mu DNA. Selo ikafuna kupanga puloteni, imakopera malangizowo pa uthenga wotchedwa RNA. Uthengawu umatuluka ndi zigawo zina zosafunika, choncho selo imazidula n'kulumikiza zotsalazo, monga mmene telala amadulira nsalu asanasoke malaya. Ntchitoyi imatchedwa splicing, ndipo inadziwika mu 1977 kudzera m'kafukufuku wa Richard Roberts ndi Phillip Sharp, omwe analandira mphotho ya Nobel mu 1993.

Kukatentha, mbewu imasintha kadulidwe ka uthengawo. Ofufuza a ku Japan anaonetsa mu 2007 kuti jini ya chimanga yotchedwa ZmDREB2A imatulutsa mauthenga a mitundu iwiri, wina wogwira ntchito ndi wina wopanda ntchito. Chimanga chikapanikizika ndi kutentha, uthenga wogwira ntchito ndiwo umachuluka, ndipo umadzutsa majini ena oteteza maselo kuti asaonongeke.

Komabe chitetezochi chili ndi malire. Kutentha kukapyola muyezo, ntchito yodula ndi kulumikiza ija imasokonekera, ndipo mungu wa m'ngayaye umafa, zomwe zimachititsa kuti chimanga chisabereke bwino. Kafukufuku yemwe anatsogolera David Lobell mu 2011, pounika minda yoyeserera yoposa 20,000 mu Africa, anapeza kuti digiri iliyonse yopitirira 30, ikakhalapo tsiku lathunthu, imachepetsa zokolola ndi gawo limodzi pa magawo 100 alionse, ndipo chilala chimawirikiza vutoli.

N'chifukwa chake bungwe la CIMMYT ndi malo ochitira kafukufuku monga Chitedze amayesa mbewu zopirira ku ng'amba. Alangizi ndi akuluakulu a zaulimi m'chigawo cha Kasungu ADD, chomwe Dowa ndi Ntchisi zili pansi pake, ayenera kukumbutsa alimi kusankha mbewu yoyenera dera lawo, kubzala ndi mvula yoyamba komanso kuphimbira nthaka, poti mbewu yokhala ndi chinyontho ndiyo imapirira dzuwa.