Killick, David

Pulofesa wofufuza mmene makolo ankasungunulira zitsulo, amene anakulira m'Malawi. Anaphunzira pa yunivesite ya Cape Town, ndipo digiri ya PhD anaitenga ku Yale mu 1990. Kuyambira 1991 anaphunzitsa pa yunivesite ya Arizona ku America.

Ntchito yake yaikulu kwathu kuno anaigwira ku Kasungu cha m'ma 1982 ndi 1983. Kumeneko anacheza ndi nkhalamba zimene zinagwirako ntchito pa ng'anjo zili achinyamata, nayeza miyala ndi zotsalira za chitsulo. Kafukufuku wakeyo anakhudza zaka za 1860 mpaka 1940. Anafotokoza mmene osula ankapezera chitsulo cha makasu ndi nkhwangwa m'miyala yokhala ndi chitsulo chochepa kwambiri. Poyamba ankaiotcha ndi makala m'ng'anjo yaitali yokoka mpweya yokha, popanda mvukuto. Kenaka ankayenganso zotulukamo m'kang'anjo kakang'ono kopemerera ndi mvukuto. Luso lotere silinali la masewera.

Ng'anjo zinazima makasu a m'sitolo atachuluka m'nthawi ya atsamunda. Akanachedwa zaka zowerengeka, Killick sakanapeza womufotokozera, ndipo nzeru zambiri za osula a Chichewa zikanapita nawo kumanda.