Mbale zamaluwa za ambuya zinachokera kuti?

FUNSO: Ambuya anga ku Matero ali ndi mabakuli ndi thireyi yachitsulo yamaluwa ofiira m'kabati, ndipo salola munthu kudyeramo. Kodi zinachokera kuti, nanga bwanji mtundu wake sufwifwa? Mdzukulu, Matero.

YANKHO: Ambuyawo akudziwa chimene akusunga. Mbale zimenezi ndi za enamel. Mtundu mukuuonawo ndi galasi, n'chifukwa chake sufwifwa ngati penti. Amisiri amapera galasi kukhala ufa, n'kuupaka pachitsulo chopyapyala, kenako n'kuwotcha mung'anjo pa madigiri pafupifupi 800 mpaka galasilo litasungunuka n'kukakamira. Luso lokutira ziwiya zakukhitchini motere linakula ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800. Pambuyo pake mafakitale a ku Czechoslovakia, Hong Kong ndi China anatumiza mbale zochuluka ku Africa. Kuno kwathu ambiri amadziwa za Kango, zopangidwa ndi kampani ya Treger ku Bulawayo.

Tembenuzani mbaleyo, chifukwa kunsi nthawi zambiri kumakhala chidindo cha dziko limene inapangidwira. Mukaona duwa lalikulu lamasamba osanjikizana, mwina ndi peony, limene ku China limaimira chuma ndi ulemu. Ngati pali chilembo cha Chitchaina chofiira chooneka ngati mapasa, tanthauzo lake ndi chimwemwe chowirikiza, ndipo amachilemba pa katundu waukwati.

Itengereni padzuwa. Kufiira kwa duwa kumakhala kwakuya mbali imodzi, n'kumapepuka pang'onopang'ono mpaka kusowa m'kuyera kwa mbale, chifukwa mmisiri ankapopera mtunduwo kudzera m'chikombole chobooledwa, mtundu uliwonse ndi chikombole chake. Ine pamenepa ndi pamene pamandigwira mtima. Ndipo pamene mbale inagumuka muona mdima wonkera ku buluu: limenelo ndi galasi loyamba, losakaniza ndi cobalt kuti ligwire chitsulo.

Maonekedwe akenso ali ndi nzeru. Bakuli n'lotambalala m'mimba moti nsima imakhazikika bwino, ndipo chivundikiro chake chimakhala bwino ngakhale azimayi atalimanga m'chitenje n'kulisenza pa mwambo wa chilanga mulilo.

Musazikweche ndi mchenga kapena waya, galasi limakalika. Madzi ofunda, sopo ndi kansalu n'zokwanira, ndipo muziumitse msanga kuti dzimbiri lisalowere pogumukapo. Yogumuka m'kati musadyeremonso, ikhale yokongoletsa kabati.